Andisankha upampando wa kwaya, koma bambo amene anaiyambitsa sakundipatsa mpata

Tenala_wa_Zingwangwa:
Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Chaka chino kwaya yathu yandisankha kukhala wapampando. Ndine wamng'ono kwa anthu ambiri a m'kwayamo, ena anandiona ndili ku Sande Sukulu. Pali bambo ena amene anayambitsa kwayayi kalekale. Ng'oma yoyamba anagula ndi ndalama zawo, ndipo nyimbo zambiri zimene timaimba anapeka ndi iwo. Pachisankho sanaime nawo, anati atopa. Koma chichokereni pampando, chimene ndanena ine sichiyenda. Komiti ikagwirizana kuti pulakatisi iziyamba 2 koloko Loweruka, iwo amauza asopulano kuti nthawi yathu ndi 3 koloko. Ndikasankha nyimbo za Lamulungu, tili pamzere wolowera m'tchalitchi amasintha imodzi. Munthu akakhala ndi dandaulo amapita kwa iwo. Ine ndatsala wonyamula zokuzira mawu, wolemba mayina, woimbira anthu foni ndi mayunitsi anga, wosaka minibasi tikaitanidwa ku ukwati. Ndatopa, ndipo ngakhale kupemphera kwazirala. Kodi nditule pansi udindo? Kapena ndikawanenere kwa akulu a mpingo? Sindikufuna kuchimwa, komanso sindikufuna upampando wa dzina lokha.

Besi_wa_Kawale:
Musatule achimwene. Mukatula, wobwera pambuyo panu adzazipeza zili chomwecho, ndipo anthu adzaphunzira kuti chisankho cha kwaya sichitanthauza kanthu.

MayiWaMvano:
Mwananga, ndikufunseni kaye chimodzi. Munayamba mwapitako kunyumba kwa bambowo, kukakhala nawo pakhonde, inu ndi iwo awiri basi?

Tenala_wa_Zingwangwa:
Ayi amayi. Timangoyankhulana kutchalitchi, nthawi zambiri pali anthu.

MayiWaMvano:
Ndiye yambirani pamenepo. Ine ndaona mipando ikusinthana ku Mvano kwa zaka zambiri, ndipo munthu amene watsika pampando amakhala ndi bala limene sanena. Taganizani, Loweruka lililonse bambowo ankafika woyamba, kutsekula chitseko, kukonza mabenchi, anthu nkumawafunsa chilichonse. Lero afika, palibe wowafunsa. Pakamwa anati atopa, koma mtima sunatope nayo kwayayo. Kusintha nyimbo pamzere ndi kulakwa ndithu, sindikuwaikira kumbuyo. Koma mwina ndi njira yokhayo imene yatsala yoti amve kuti akadali amoyo m'gulumo.
Paulo adauza Timoteo, amene adalinso wachinyamata ngati inu, kuti munthu wamkulu asamudzudzule mokalipa koma amudandaulire ngati atate ake. Zili pa 1 Timoteo 5:1. Onani kuti sadamuuze kuti angokhala chete. Mawu anenedwe, koma m'njira ya mwana poyankhula ndi bambo. Pitani tsiku lopanda pulakatisi, mutenge kapaketi ka shuga, muwafunse mmene adayambira kwayayo. Muwasiye afotokoze mpaka athe mawu. Akatha, ndiye munene zanu momveka: kuti akasintha nyimbo pamaso pa anthu, inu mumachita manyazi ndipo kwaya imasokonezeka.

Chilungamo265:
Amayi, ndi ulemu wonse, umu ndi mmene timaonongera zinthu. Wolakwa ndi bambowo, koma wonyamula shuga akhale wolakwiridwa? Akuluakulu athu ambiri safuna kusiya. Kumpingo, kumudzi, kuntchito, nkhani ndi yomweyi. Sauli anayamba kudana ndi Davide chifukwa cha nyimbo imene amayi anaimba, ndipo Davide kumuimbira zeze sikunathetse nsanjeyo. Kwaya ili ndi malamulo olembedwa kapena ayi? Ngati alipo, awerengedwe pamaso pa onse. Ngati bambowo sakumva, nkhani ipite kwa akulu a mpingo. Basi.

MayiWaMvano:
Musawatche Sauli bambo amene simukuwadziwa. Sauli anaponya mkondo. Awa asintha nyimbo.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Chilungamo, zimene mukunena zili ndi malo ake, koma mwayambira kumapeto. Pa Mateyu 18:15-17 Ambuye adaika ndondomeko: uyambe wapita wekha, akakana utenge mmodzi kapena awiri, akakananso ndiye uuze mpingo. Mnyamatayu wanena yekha kuti sitepe yoyamba sanaiponde. Akathamangira kwa akulu a mpingo, funso loyamba limene adzamufunse ndi lomwelo la amayi aja. Ndipo ngakhale atapambana mlanduwo, theka la kwaya lidzamuona ngati mwana amene adasumira bambo ake. Adzatsala ndi mpando, mawu a anthu adzapita.
Ndinakhalapo mphunzitsi wamkulu pasukulu ina imene ndinapezapo aphunzitsi oti anayamba ntchito ine ndisanalowe ku koleji. Kalata yochokera ku ofesi inandipatsa mpando tsiku limodzi. Kuti anthu aja ayambe kundimvera ndi mtima, panadutsa nthawi yaitali ya kupita kumaliro a abale awo, kuwagwirira kalasi akadwalika, ndi kusawanena kumbali.

NamwinoWaUsiku:
Nonse mwagwira nkhani ya bambowo, koma ine chandikhudza ndi china. A Tenala, mwati mumanyamula zokuzira mawu, mumalemba mayina, mumaimba mafoni, mumasaka minibasi. Nanga mlembi wanu akuchita chiyani? Wachiwiri wanu ali kuti? Ngakhale bambowo atasamukira ku Mzuzu mawa, inu mudzatopabe.
Werengani Eksodo 18. Mose ankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo akuweruza milandu yekha, anthu ataimirira kumudikira. Mpongozi wake Yetero anamuuza mosabisa kuti zimenezo si zabwino, adzalema iye pamodzi ndi anthuwo. Anamuuza kuti asankhe anthu oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi ziphuphu, awaike kuyang'anira magulu a 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, ndipo kwa Mose kuzibwera milandu yovuta yokha.
Ine nditangopatsidwa wodi yoyang'anira, chimene chinandivuta kwambiri chinali kuona mnzanga watsopano akulemba ndandanda ya mashifiti mochedwa, ine ndikudziwa kuti ndikhoza kuimaliza msanga. Manja amayabwa kuti ulande cholembera. Koma ukalanda lero, mawa sabweranso nayo, ndipo udzalemba wekha mpaka kalekale. Ndinaphunzira kukhala pambali pake, kumuonetsa pamene anthu awiri agundana tsiku limodzi, iye nkukonza yekha. Panopa amalemba bwino kuposa ine.
Kwaya ili ndi mawu anayi. Liwu lililonse likhale ndi mtsogoleri wake, amene aziimbira foni anthu ake. Inu muziyankhula ndi anthu anayi okha.

Tenala_wa_Zingwangwa:
Mlembi alipo, koma ndikamupatsa ntchito amachita mochedwa, ndiye ndimangochita ndekha kuti zisatilake.

NamwinoWaUsiku:
Ndi zomwe ndikunenazo. Mumupatse ntchito ndi tsiku loti amalize, muuze kwaya yonse kuti za mayina ndi za iye, ndipo akachedwa musamuchitire. Mumufunse chamuvuta nchiyani. Mwina alibe mayunitsi ndipo akuchita manyazi kunena.

Kabaza_wa_Yesu:
Koma Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Wapampando kunyamula ma speaker si vuto, ndiye utsogoleri wachikhristu umenewo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zoona achimwene, ndipo wapampando amene sangagwire tsache ndimamuopa. Koma pa Yohane 13 pomwepo, atatha kuwasambitsa anawauza kuti nawonso azichitirana chimodzimodzi. Ankawaphunzitsa. Yesu yemweyo anatuma ophunzira awiriawiri kukalalikira popanda iye, ndipo podyetsa anthu 5,000 mkate unadutsa m'manja mwa ophunzira. Mnyamatayu anyamule zokuzira mawu, inde, koma anyamule ndi anyamata ena awiri, osati yekha anzake akuonerera.

Msungichuma_Wakale:
Pepani ndilowetsa ina. A Tenala, mwatchula mayunitsi anu ndi minibasi. Ndalama za kwaya zimayenda bwanji? Ndikufunsa chifukwa makwaya ambiri amene ndawaona akugawanika, chinawagawa si nyimbo ayi. Ndi ndalama za pepa Sande, za yunifolomu, za kujambula chimbale. Inu ngati wapampando musasunge ndalama, ngakhale pa Airtel Money kapena Mpamba yanu kwa usiku umodzi. Kukhale kabuku, awerenge ndalama anthu awiri, asaine onse, ndipo mwezi uliwonse msungichuma aimirire anene zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Paulo potenga chopereka cha ku Yerusalemu sanayende nacho yekha. Pa 2 Akorinto 8 akunena za Tito ndi mbale wina amene mipingo inachita kusankha kuti ayende nawo, kuti pasapezeke wonena kanthu. Ngati Paulo anafuna mboni, inu ndi ine tikufunika mboni. Ndipo lekani kuthira zanu mwakachetechete. Mawa mukadzafuna kubwezeredwa, palibe adzakhulupirire.

WakuJoni:
Izi ndi zoona. Kuno ku Johannesburg magulu athu a maliro amatha chifukwa cha zimenezi. Munthu wabwinobwino, wopemphera, koma ndalama za gulu zili mu akaunti yake, lendi yamupana, wabwereka pang'ono kuti abweza kumapeto a mwezi. Likagwa tsoka loti thupi lipite kumudzi, ndalama palibe.

Alto_Nanjiri:
Koma inu nkhani ya yunifolomu musaiyambe. Ife tinasonkha, nsalu inabwera ya mtundu wina, telala anasoka madilesi osafanana. Mpaka lero ena sayankhulana.

Besi_wa_Kawale:
Vuto ndi loti makwaya a masiku ano tatengeka ndi yunifolomu ndi kiyibodi. Magetsi akazima kwaya imakhala pansi. Kale tinkaimba ndi mawu okha, besi ikumveka mpaka kumsewu.

Kabaza_wa_Yesu:
Kiyibodi si tchimo akulu. Salimo 150 likutchula malipenga, azeze, ng'oma, zitoliro. Achinyamata mukawaletsa kiyibodi apita kumipingo ina.

Besi_wa_Kawale:
Sindinati ndi tchimo. Ndati anthu aphunzire kaye kugwira mawu awo popanda chowathandiza.

Admin_Mlonda:
Abale, za kiyibodi titsekulire zokambirana zake. Tibwerere kwa m'bale wathuyu.

MdzukuluWaMlaliki:
Ndibwerere ndi mbiri ya ku Blantyre komweko, poti a Tenala ali ku Zingwangwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire za zomangamanga, ndipo anthu akuno amene anaumba njerwa ndi kumanga anaphunzirira pantchito pomwepo. Anthu amakonda kunena za nyumbayo, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi chimene anachita ndi anthu. M'zaka za m'ma 1890 anasankha madikoni asanu ndi awiri achikuda nkuwapatsa udindo weniweni mumpingo, azungu ambiri a nthawiyo asakukondwa nazo. Mmodzi mwa iwo anali Mungo Murray Chisuse, amene anadziwika pantchito yosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Wina anali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. Scott anachoka mu 1898, koma anthu amene anawakhulupirira anapitiriza kutumikira zaka zambiri.
Ndikunena izi kwa onse awiri. Bambo aja ayenera kumva kuti ulemu wawo waukulu ndi woti kwaya iyende iwo atakhala pansi. Ndipo inu a Tenala, tsiku lina mudzakhala inuyo bambowo. Yambani lero kuona amene angadzakuloweni m'malo.

Chilungamo265:
Mbiri yabwino, koma sizikuyankha funso langa. Nanga akapita ndi shuga wake, bambowo nkumumvetsera, Loweruka lotsatira nkusinthanso nyimbo? Azipitabe ndi shuga mwezi uliwonse?

MayiWaMvano:
Ayi. Akatero atenge wachiwiri wake ndi mkulu wa mpingo amene amayang'anira makwaya, apitenso. Zikakanikanso ndiye nkhani ikwere. Palibe wanena kuti alekerere. Tikunena za poyambira.

Chilungamo265:
Chabwino, pamenepo tagwirizana. Koma malamulo alembedwe ndithu. Ndani amasankha nyimbo, nthawi ndi iti, mpando ndi wa zaka zingati. Zinthu zikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, munthuyo ndiye amasanduka lamulo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Pa zolembazo ndili nanu. Ndipo Baibulo silichita manyazi ndi dongosolo la kwaya. Pa 1 Mbiri 25 Davide anagawa oimba a m'nyumba za Asafu, Hemani ndi Yedutuni. Analipo 288 ophunzitsidwa bwino, m'magulu 24 a anthu 12, ndipo pogawana ntchito anachita maere mofanana, wamng'ono ndi wamkulu, mphunzitsi ndi wophunzira. Pa 1 Mbiri 15:22 Kenaniya anapatsidwa kutsogolera maimbidwe chifukwa anali waluso. Apa pali nzeru imene ingakuthandizeni a Tenala. Upampando ndi uphunzitsi wa nyimbo ndi ntchito ziwiri. Ngati bambowo ndi amene amapeka ndi kudziwa mawu onse anayi, bwanji komiti isawapatse ntchito yophunzitsa nyimbo, yodziwika, yolengezedwa pamaso pa onse? Munthu amene ali ndi munda wake salima m'munda wa mnzake. Nthawi, ndalama, maulendo ndi mwambo zikhale za wapampando ndi komiti.

Chilungamo265:
Kapena mukhala mwawapatsa khomo lolowera kuti alande zonse.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zikhoza kutero. Nchifukwa chake malire alembedwe monga mwanenera. Koma kuopa kugwiritsa ntchito munthu waluso chifukwa akhoza kukuphimba, kumeneko ndiye kumabala Sauli weniweni, ndipo akhoza kubadwa mwa wachinyamatanso. Rehobowamu anataya mafuko khumi atakana uphungu wa akuluakulu amene anatumikira bambo ake.

MlimiWaKuKasungu:
Ine ndi wapampando wa kalabu ya alimi, si kwaya, koma ndinene. Sikuti onse adzakukondani. Pa Nehemiya 3 pali mndandanda wa amene anamanga linga, ambiri aliyense pandunji pa nyumba yake, koma vesi 5 ikuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kugwira ntchito. Nehemiya sanaimitse ntchito kuti ayambe wawakopa. Anapitiriza ndi amene analipo, ndipo linga linatha m'masiku 52. Inu yambani pulakatisi 2 koloko ndi anthu amene afika, ngakhale akhale asanu. Musakalipe, musanyoze ochedwa, ingoyambani. Ofika 3 koloko akapeza nyimbo yatsopano yaphunzitsidwa kale, Loweruka linalo adzafulumira. Kalabu yathu inasiya kuchedwa chifukwa cha zimenezi, chindapusa chinali chitakanika.

Alto_Nanjiri:
Koma muyambe mwafufuza chifukwa chake asopulano amakonda 3 koloko. Ambiri ndi amayi. Loweruka ndi tsiku lochapa, lopita kumsika, lophikira ana nkhomaliro. Mwina bambowo amangonena zimene amayiwo akuopa kunena ku komiti. Mu komiti yanuyo muli amayi angati?

Tenala_wa_Zingwangwa:
Mmodzi yekha, msungichuma. Funso limeneli landigwira.

Mlongo_wa_Mphakati:
Ine ndikufuna ndibwerere pa mawu amodzi amene aliyense wawadumpha. Mwati kupemphera kwazirala. Achimwene, zimenezo ndi zazikulu kuposa mpando. Ndinatsogolerapo mphakati wathu, ndipo inafika nthawi yoti ndikagwada, m'mutu mumangobwera nkhope za anthu amene andikhumudwitsa, ndikukonza mayankho oti ndikawayankhe. Sisitere wina wachikulire anandiuza kuti ndiyambe kuwapempherera anthuwo mowatchula mayina, kuwapemphera zabwino zenizeni, ana awo, thanzi lawo, osati kupempha kuti Mulungu awasinthe kuti ine ndipume. Poyamba pakamwa pankalemera. Patapita nthawi ndinaona kuti ndikakumana nawo, mtima sukuthamanganso.
Komanso mupume. Eliya atathawira kuchipululu nkupempha imfa pansi pa kamtengo, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, nkumusiya agone, kenako anamudyetsanso. Pambuyo pake Mulungu anamuuza kuti sali yekha, alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anamutuma kukadzoza Elisa. Musapange chiganizo chotula udindo muli wotopa chonchi. Loweruka lina mumusiyire wachiwiri wanu, mukhale kunyumba.

Besi_wa_Kawale:
Amen mlongo. Izi zandithandiza inenso.

Tenala_wa_Zingwangwa:
Ndabweranso abale. Ndinapita kwa bambo aja madzulo a Lachinayi. Anandilandira bwino, mayi a kunyumba anatiphikira tiyi. Nditawafunsa za chiyambi cha kwaya, analowa m'nyumba nkutulutsa makope akale omangidwa ndi mphira, mapepala atachita chikasu, nyimbo zolembedwa ndi pensulo, mawu onse anayi. Zina sitinaziimbepo. Anayankhula nthawi yaitali. Anati chimene chimawapweteka ndi choti tinasiya nyimbo zawo zambiri osawauza kanthu, ndipo amaopa kuti akadzamwalira makopewo adzayatsira moto.
Ndinanena zanga monga anandilangizira amayi. Pa za kusintha nyimbo pamzere, anakhala chete pang'ono, kenako anati sadzachitanso. Pa za nthawi sanavomere. Akuti 2 koloko ndi yolemetsa amayi, ndipo komiti sinawafunse. Ndawauza kuti nkhaniyo ndiipititsa ku kwaya yonse, chimene ambiri anene ndi chomwecho, ndipo iwonso adzachitsate. Anati tiona.

MayiWaMvano:
Mwachita bwino mwananga. Mulungu akupatseni mphamvu. Makopewo musawasiye, mupeze achinyamata awiri awakopere mu kompyuta bambowo akadali ndi mphamvu zowaimbira mmene nyimbozo zimayendera.

Chilungamo265:
Mawu oti tiona ndi amene akundidetsa nkhawa. Zimene mugwirizane pa msonkhanowo mlembi azilembe, aziwerenge mokweza tsiku lomwelo, bambowo ali pomwepo.

NamwinoWaUsiku:
Ndipo alembe mlembi, osati inu.

Tenala_wa_Zingwangwa:
Ndamuuza kale, ndamugulira ndi kope. Atsogoleri a mawu tisankha tsiku lomwelo. Ku alto kuli mtsikana wina amene amafika msanga nthawi zonse ndipo anzake amamumvera, ndikufuna ndimutchule kuti alowenso mu komiti. A Mphunzitsi, za uphunzitsi wa nyimbo zija sindinawauze bambowo, ndati iyambe yakambirana komiti Lachitatu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwachita bwino kusalonjeza nokha. Komiti ikavomera, mupite awiri kukawauza, ndipo mupemphe mkulu wa mpingo kuti adzalengeze ndiye pamaso pa kwaya.